Tsiku loyamba la TP m'kalasi ya sayansi ku sekondale: pokonzekera, pophunzitsa ndi potuluka

Ngati mwatumizidwa kukachita TP (teaching practice, kuyeserera uphunzitsi) pa sekondale, kaya mukuchokera ku Domasi, ku Nalikule, ku Mzuni kapena ku Chanco, ndipo phunziro lanu ndi Biology, Chemistry kapena Physics, malangizo awa ndi anu. Mphunzitsi wa sayansi amasenza udindo umene mnzake wa History alibe. M'manja mwake mumadutsa moto, magalasi osachedwa kusweka ndi mankhwala oti akhoza kuwononga diso la mwana wa eni ake. N'chifukwa chake ntchito yambiri ya tsiku loyamba iyenera kugwiridwa tsikulo lisanafike, ndipo chilichonse chimene mukufuna kuchita pamaso pa ophunzira muyambe mwachichita nokha ndi manja anu.

Fikani pasukulupo kudakali masiku awiri kapena atatu

Yambani ndi ofesi ya ahedi, kalata ya ku koleji ili m'manja. Musalumphe khomo limeneli ngakhale mutakhala kuti mukudziwana ndi mphunzitsi wina wa pamalopo. Ahedi adzakuperekani kwa achiwiri awo, amene kawirikawiri ndiwo amasunga timetable, kenako kwa mkulu wa dipatimenti ya sayansi, ndipo pomaliza kwa mphunzitsi amene mukutenga kalasi yake. Munthu womalizayu ndiye amene mudzamufune kwambiri teremu yonse. Mupempheni mphindi makumi atatu zoti mukhale pansi awiri, kope lili m'manja, ndipo mufunse zinthu zenizeni.

Funsani fomu ndi kalasi imene mukutenga, masiku ake, komanso ngati piriyodi yoyambayo ndi imodzi ya mphindi 40 kapena yophatikiza ya mphindi 80. Pemphani kuona scheme of work ndi records of work. Ziwirizi sizifanana nthawi zonse: scheme imanena pamene kalasi imayenera kukhala, pomwe records imanena pamene yafikadi. Kuti mutsimikize, bwerekani makope a ophunzira atatu, wina wokhoza bwino, wina wapakati, wina wovutika, muone tsamba lomaliza limene analemapo. Pamenepo ndi pamene muyambire. Aphunzitsi ambiri a TP amakonza phunziro labwino ndithu koma la mutu umene ana anamaliza sabata yatha, kapena mutu umene maziko ake sanawaphunzire.

Funsaninso chiwerengero cha ophunzira, osati cha m'rejista chokha koma amene amabweradi. Kalasi ya ana 70 kapena 80 si yachilendo, ndipo chiwerengerochi ndicho chidzakuuzeni ngati mungagawe magulu kapena ayi. Ndiye pali funso limene ambiri amaliiwala: kodi m'kalasimo muli wodwala mphumu, wodwala khunyu, wosaona bwino, wosamva bwino? Mwana wa mphumu sayenera kukhala pafupi ndi utsi kapena fungo la mankhwala. Wa khunyu asayime pafupi ndi moto. Mwana wachialubino kawirikawiri amavutika kuona patali ndiponso kuwala kwambiri kumamupweteka m'maso, choncho akhale kutsogolo, kutali ndi zenera lolowetsa dzuwa. Zimenezi muzisunge mumtima ndi m'kope lanu, osazitchula pagulu.

Pomaliza pemphani kuti mukhale kumbuyo kwa kalasi mphunzitsiyo akuphunzitsa, kamodzi kokha n'kokwanira. Muone mmene ana amalonjerera, amene amayankha kawirikawiri, ngodya imene phokoso limayambira, ndi mbali ya bolodi imene imanyezimira ndi dzuwa. Dziwaninso monita wa kalasiyo.

Lowani mu labu nokha, ana kulibe

Dziwani amene amasunga kiyi ndi nthawi imene amafika. Ngati pali wothandiza mu labu, mulemekezeni ngati mphunzitsi mnzanu, chifukwa iye ndiye akudziwa botolo limene mankhwala ake anatha mphamvu ndi mpopi umene umadontha.

Mukalowa, tsegulani mazenera kaye. Kenako yendani pang'onopang'ono. Tsegulani mpopi uliwonse muone ngati madzi akutuluka. Ngati satuluka, ndiye kuti pa tsikulo mufunika ndowa ziwiri zodzaza, ina yotsukira zipangizo, ina ya madzi oyera osakhudzidwa, ya ngozi basi, pamodzi ndi kapu yotungira. Onani pamene pali ndowa ya mchenga, chozimitsira moto ndi bokosi la first aid, ndipo bokosilo mulitsegule, popeza nthawi zina limapezeka lopanda kanthu. Ngati labu ili ndi gasi, pezani pamene amatsekera gasi yense ndipo muyesere kutseka ndi kutsegula. Mukamva fungo la gasi musayatse machesi kapena kukhudza switch ya magetsi. Potsimikiza ngati paipi ikutulutsa mpweya, pakani madzi a sopo polumikizira: pakatuluka thovu ndiye kuti pali pobooka. Onaninso ngati chitseko chachiwiri chimatseguka, pakuti m'masukulu ena chimakhala chotchingidwa ndi madesiki othyoka.

Botolo lopanda chizindikiro musalitsegule, musalinunkhize, musalitaye. Liikeni padera ndipo muuze mkulu wa dipatimenti. Madzi, hydrochloric acid wosungunula ndi sodium hydroxide wosungunula amaoneka chimodzimodzi m'botolo, ndipo diso silingawasiyanitse.

Masukulu ambiri a CDSS (Community Day Secondary School) alibe labu. Zipangizo zimakhala m'kabati mu ofesi kapena mu stolo, ndipo practical imachitikira m'kalasi wamba. Izi zisakufooketseni. Lembani zimene zilipo ndi kuchuluka kwake: ma beaker angati, ma test tube angati osasweka, measuring cylinder ilipo kapena ayi. Zosowazo zilowedwe m'malo ndi zopezeka pafupi, ija timaitcha TALULAR. Mabotolo apulasitiki oonekera mkati a 500 ml, odulidwa pakati, amagwira ntchito ya beaker pa zinthu zozizira. Jakisoni watsopano wa 10 ml wopanda singano, wogula ku famase, amayeza madzi bwino kuposa kuyerekeza ndi maso. Wotoledwa ku chipatala ayi, ngakhale atatsukidwa bwanji.

Sankhani chinthu chimodzi choti ana aone ndi maso

Tsiku loyamba musagwiritse ntchito moto, asidi wamphamvu kapena magalasi ogawira ana onse. Simunawadziwe, ndipo iwonso sanadziwe kuti mukati "siyani" mumatanthauza nthawi yomweyo. Komabe musathe mphindi 40 mukungolankhula ndi kulembetsa manotsi. Ana ambiri anamva kale kuti sayansi ndi yovuta, ndipo zimene aone tsiku loyamba zidzawatsimikizira maganizo amenewo kapena kuwagwedeza. Chofunika ndi chionetsero chimodzi chachifupi, chosaopsa, chogwirizana ndi mutu umene uli pa scheme, ndipo mwini kalasi akhale atachivomereza.

Kwa a Chemistry, chidede ndi chidulo zimagwira ntchito bwino, ndipo ana ambiri amazidziwa kuchokera kukhitchini kwa amayi awo. Konzani madzulo a dzulo lake motere. Tengani chidede chouma chodzaza dzanja limodzi, muchiviike m'madzi otentha okwana 500 ml kwa mphindi 15, kenako musefe ndi kansalu koyera. Madziwo adzakhala ofiira kwambiri, pafupifupi akuda. Asungunuleni: gawo limodzi la chidede, magawo anayi kapena asanu a madzi, mpaka muzitha kuona chala chanu kuseri kwa botolo. Konzani lita imodzi ya madzi osungunulawo kuti pakhale otsala. Chidulo chichezeni monga amachitira kunyumba: makapu awiri a phulusa loyera m'chitini choboola pansi choyalamo kansalu, kuthira madzi 500 ml, kudontheza, ndi kusiya kuti zinyalala zikhale pansi. Finyani mandimu awiri, musefe njere. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya soda m'madzi 100 ml. Botolo lililonse mulilembe dzina.

Pochita, imikani makapu anayi oonekera mkati, olembedwa A, B, C ndi D, ndipo m'kapu iliyonse muthire 50 ml ya chidede. Kapu A isathiridwe kanthu, ndiyo yofanizira. Mu B thirani 5 ml ya mandimu, mu C 5 ml ya madzi a soda, mu D 5 ml ya chidulo. B idzawala kufiira kwake, C idzazilala n'kudera ngati pepo, D idzatembenukira kobiriwira. Kenako dontherezani mandimu mu D pang'onopang'ono: mudzatuluka timathovu ta carbon dioxide ndipo mtundu wofiira udzabwerera. Apa ana aona neutralisation asanaimve dzina.

Yeserani zonsezi kawiri musanagone, mukuyang'ana wotchi, chifukwa pali zingapo zimene zimalakwika. Chidede chikakhala chokhuthala, makapu onse amaoneka akuda ndipo wokhala kumbuyo saona kusiyana. Chidede pachokha ndi chowawasa, ndiye kuti chili kale ndi asidi, choncho kusintha kwa kapu B kumakhala kochepa. N'chifukwa chake kapu A iyenera kuima pambali pake, ndiponso mwina 5 ml ya soda kapena ya chidulo singakwane, muyenera kuwonjezera mpaka mtundu utasintha. Mphamvu ya chidulo imasiyana malinga ndi phulusa, kotero muyezo weniweni muupeze poyeserapo n'kuulemba. Chidulo chikachuluka ndipo mukachedwa kuthira mandimu, mtundu umapita ku chikasu chodera ndipo subwereranso bwino, chifukwa chimene chimapatsa chidede mtundu chimakhala chitawonongeka. Madzi a m'mijigo ina amasintha okha mtundu wa chidede, ndiye poyeserera gwiritsani ntchito madzi omwewo amene mudzagwiritse ntchito m'kalasi. Tengani pepala loyera lalikulu loti muike kuseri kwa makapu, ndipo makapuwo akhale pa stulu yoikidwa pamwamba pa tebulo kuti aoneke mpaka kukhoma lakumbuyo.

Ngati ndinu a Biology, iodine solution imachita zofanana: madontho awiri pa kachidutswa ka nsima, ka mbatata ndi ka chinangwa amasanduka akuda mobiriwira ngati buluu, kusonyeza starch, pomwe pa shuga wosungunula kapena choyera cha dzira mtundu umakhalabe wachikasu chodera. Iodine wokhalitsa pa dzuwa amafooka, muyeseni kaye. A Physics angatenge dzira laliwisi ndi makapu awiri a madzi 250 ml: m'madzi wamba limamira, koma mukasungunula masupuni aakulu atatu a mchere limayandama, chifukwa density ya madzi yakwera kuposa ya dzira. Dziralo likhale latsopano. Lokhalitsa limayandama ngakhale m'madzi opanda mchere popeza mpweya umakhala utachuluka mkati mwake, ndipo phunziro lonse limasokonekera.

Lesson plan

Lembani motsatira fomu imene koleji yanu inakupatsani, koma samalani zinthu zitatu. Success criteria, zimene mwana ayenera kutha kuchita phunziro likamatha, zikhale ziwiri kapena zitatu zokha, zoti mungathe kuona ngati mwana wazikwanitsa: "state", "identify", "record", osati "understand". Gawo lililonse likhale ndi mphindi zake zolembedwa m'mbali. Ndipo mafunso amene mukafunse muwalembe mawu ndi mawu, pamodzi ndi yankho limene mukuyembekeza, chifukwa mantha akabwera chinthu choyamba kuthawa m'mutu ndi funso labwino. Konzaninso ntchito yapadera ya mphindi zisanu yoti muitulutse mukamaliza msanga, ndipo ikani chizindikiro pa gawo limene mungalidumphe nthawi ikachepa. Papepala lina jambulani mmene bolodi lidzaonekere phunziro likamatha. Onetsani mwini kalasi zonsezi dzulo lake, osati belu litatsala pang'ono kulira.

M'mawa wa tsikulo

Fikani kudakali mphindi 30 kapena kuposerapo, sayinani m'buku la aphunzitsi, lonjerani a mu staff room. Valani mwaulemu monga aphunzitsi a pamalopo, koma kumbukirani kuti ndinu wa sayansi: nsapato zotseka kuphazi, tayi yolowetsedwa m'malaya, manja a malaya osalendewera, tsitsi lalitali kapena mesh zomangidwa kumbuyo. Simungauze ana lamulo limene inu mukuliphwanya. Idyani kanthu ndipo imwani madzi, kukhosi kumauma msanga ndi choko.

M'katoni kapena m'beseni ikani zonse za chionetsero, nsanza yopukutira, choko chokwanira kuphatikizapo cha mtundu wina, dasita yanuyanu, lesson plan ndi mndandanda wa mayina. Valani wotchi yapamkono. Foni ikhale m'chikwama, yotseka mawu, chifukwa mukamaitulutsa kuti muone nthawi ana amaona ngati mukuwerenga mauthenga. Ngati phunziro lili mu labu, konzani tebulo ana asanafike ndipo muphimbe makapu ndi nsalu.

Mphindi 40 zija

Ngati ndi mu labu, ana aime pamzere panja. Imani pakhomo, muwauze kuti zikwama zikhale pamalo amodzi pafupi ndi khomo, alowe ndi kope ndi cholembera basi, ndipo asakhudze chilichonse. Alowetseni khumi khumi. Zimadya mphindi zitatu, koma chizolowezi chimenechi chidzakutumikirani teremu yonse. Ngati ndi m'kalasi wamba, ndi bwino kuti mwini kalasi alowe nanu, akutchuleni dzina, anene kuti muli ndi ulamuliro wofanana ndi wake, kenako akakhale kumbuyo.

Imani pakati kutsogolo, mulonjere, ndipo dikirani kuti mukhale chete musanayambe. Musapikisane ndi phokoso pokweza mawu. Imani phee, muyang'ane kumene likuchokera, lidzatsika lokha. Lembani dzina lanu pabolodi monga mukufuna kuti azikutchulani, Mr, Mrs kapena Miss, ndi dzina la bambo. Nenani phunziro lanu ndi masiku amene muzikumana. Zakwana. Musapepese kuti ndinu wophunzira chabe, musanene kuti muli ndi mantha, ndipo mafunso a zaka zanu, kwanu kapena ngati muli pabanja muwayankhe mwaulemu kuti si a phunziroli. Zonsezi zisapitirire mphindi zinayi.

Gawani bolodi patatu ndi mizere iwiri yotsika. Kumanzere lembani tsiku, phunziro, mutu ndi success criteria, ndipo izi zisafufutidwe. Pakati ndi pogwirira ntchito. Kumanja ndi kwa mawu atsopano. Zilembo zikhale zazitali ngati chala chanu chamkombaphala. Mukalemba mzere woyamba, yendani mpaka kumbuyo mukaone nokha ngati ukuwerengeka. Musalankhule mutayang'ana bolodi: lembani, tembenukani, kenako lankhulani.

Mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zotsatira ndi za malamulo. Akhale ochepa, asanu ndi okwanira, ndipo lililonse likhale ndi chifukwa chake, pakuti lamulo lopanda chifukwa mwana amaliyesa nkhanza chabe. Osalawa kapena kudya chilichonse, ngakhale chooneka ngati shuga. Osakhudza chipangizo musanauzidwe. Osathamanga kapena kukankhana. Chikasweka kapena kutayika, nenani nthawi yomweyo ndipo musatole ndi manja. Ndikakweza dzanja n'kunena kuti "stop", ikani pansi chimene mwagwira, muyang'ane kuno. Lachinayilo litsindikeni powalonjeza kuti wonena msanga sadzalangidwa, chifukwa mwana woopa kulipitsidwa test tube amabisa magalasi osweka m'thumba kapena pansi pa desiki. Lachisanulo liyesereni pomwepo kawiri, mpaka onse azisiya nthawi imodzi.

Tsopano vundukulani makapu. Musanathire kanthu, funsani: ichi n'chiyani, kwanu mumachigwiritsa ntchito yanji? Akatchula chidede, mandimu ndi chidulo chophikira therere, mwawakoka kale. Auzeni kuti ngakhale izi ndi za kukhitchini, m'kalasi ya sayansi sizilawidwa, ndipo chidulo chikalowa m'maso chimawawa kwambiri. Jambulani tebulo pabolodi la mizati itatu: chimene tathira, chimene ndikuganiza kuti chichitika, chimene ndaona. Aliyense akopere ndipo alembe maganizo ake mumzati wachiwiri musanayambe. Apa musathamange. Mwana amene walemba kuti "pasintha kukhala choyera" amayang'anitsitsa kuti aone ngati walondola, pomwe amene sanalembe kanthu amangoonerera ngati matsenga.

Itanani othandiza awiri, mtsikana ndi mnyamata, wina wochokera kumbuyo. Wothira ndi jakisoni akhale mtsikanayo, osati wongogwira pepala. M'makalasi ambiri anyamata ndiwo amathamangira zipangizo, ndipo mukazilekerera tsiku loyamba zimakhazikika. Thirani kapu imodzi imodzi, muinyamule m'mwamba pamodzi ndi kapu A ndi pepala loyera kuseri, muyende nayo pakati pa mizere. Ana asadzuke kudzaunjikana patebulo. Gawo limeneli, pamodzi ndi kulemba zimene aona, lipatseni mphindi 15.

Pofunsa, nenani funso kaye, muwerenge chamumtima mpaka faifi, kenako musankhe woyankha. Mukayamba ndi dzina, ena onse amasiya kuganiza. Musamangotenga manja atatu omwe aja akutsogolo. Aliyense woyankha ayambe watchula dzina lake, ndipo inu mulibwereze pomuthokoza. Mukagwira mayina khumi tsiku loyamba mwachita bwino. Yankho lolakwika musaliseke ndipo musalole ena kuliseka. Funsani kuti waganiza choncho chifukwa chiyani, nthawi zambiri m'menemo ndi mmene mumapezeka chimene kalasi yonse sinamvetse. Funso loti "Are we together?" lisakunamizeni. Ana adzayankha "Yes" onse pamodzi ngakhale asanamve kanthu, chifukwa ndi ulemu umene anaphunzira kuyambira ku pulayimale. M'malo mwake funsani choti ayankhe ndi zimene aona: kapu iti ili ndi base, ndipo wadziwa bwanji?

Za chilankhulo: phunziro ndi la m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB adzalemba m'Chingerezi, choncho mawu ngati acid, base ndi indicator alembedwe kumanja kwa bolodi, atchulidwe momveka, ana awabwereze. Gwiritsani ntchito ziganizo zazifupi, makamaka ku Fomu 1. Mukaona nkhope zasowa chogwira, chiganizo chimodzi cha chilankhulo cha kwawo chimatsegula njira, kenako bwererani ku Chingerezi. Funsani mwini kalasi mmene sukuluyo imaonera zimenezi, ndipo kumbukirani kuti ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje si ana onse amene Chichewa ndi chilankhulo cha pakhomo pawo.

Kukatsala mphindi zisanu ndi zitatu, siyani zatsopano ngakhale musanamalize. Bwererani ku success criteria, mufunse ana atatu osiyana anene chimene aphunzira, kenako mupereke mafunso awiri olemba m'kope. Pamene akulemba yendani m'mizere mukuyang'ana m'makope, osati kuima patebulo. Perekani ntchito ya kunyumba yaing'ono, monga kulemba zinthu zitatu za kunyumba zimene akuganiza kuti ndi acid, ndipo munene tsiku lobweretsa. Belu likalira, wotulutsa ana ndinu, mzere ndi mzere.

Zikapanda kuyenda

Chionetsero chikakana, musanamizire kuti chatheka ndipo musauze ana kuti alembe zimene zimayenera kuoneka. Alembe zimene aonadi. Afunseni kuti mwina chalakwika n'chiyani, muyesenso kamodzi ndi madzi otsala aja, ndipo zikakanabe lonjezani kubwereza phunziro lotsatira, n'kuchitadi. Mukafunsidwa funso limene yankho lake simukulidziwa, nenani kuti mukafufuza, lilembeni pakona ya bolodi pamaso pawo, ndipo mubwere nalo yankho. Yankho lopeka ana amalikopera m'kope n'kukalilemba pa mayeso.

Wina adzakuyesani, kawirikawiri ndi nthabwala kapena kulankhula mokweza. Yambani ndi kumuyang'ana, kenako yandikirani desiki yake mukupitiriza kuphunzitsa, kenako mutchuleni motsitsa mawu n'kumuuza chimene mukufuna kuti achite. Akapitiriza, musunthireni kutsogolo ndipo mulankhule naye phunziro litatha, pamalo oonekera, mwini kalasi akudziwa. Kumenya n'koletsedwa, kutukwana ndi kunyoza kumakuchotserani ulemu, ndipo kulanga kalasi yonse chifukwa cha anthu awiri kumakudanitsani ndi ana 78 osalakwa. Musaopseze ndi chilango chimene mulibe mphamvu yochipereka.

Ngozi zikhoza kuchitika ngakhale ndi zinthu zofatsa. Kanthu kakalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, chikope chili chotsegula, madzi akuyenderera kuchokera kumphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso linalo, ndipo tumani monita akaitane mphunzitsi wina. Inu musasiye kalasi yokha. Pa khungu, madzi ambiri. Popsa ndi moto, madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Magalasi osweka asesedwe ndi tsache, aikidwe m'chitini chawochawo. Ngozi iliyonse, ngakhale yaing'ono, iuzidwe kwa mkulu wa dipatimenti tsiku lomwelo ndipo ilembedwe. Masabata akubwerawa mukadzayamba kugwiritsa ntchito spirit burner, kumbukirani kuti lawi la methylated spirit silioneka bwino masana, ndipo sathiramo spirit wina burner ili yoyaka kapena yotentha. Posungunula asidi wamphamvu, asidi ndiye amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumabuka kumawiritsa madziwo n'kuthovukira kumaso. Ntchito imeneyo ndi yanu ndi wothandiza mu labu, ana kulibe.

Belu litalira

Tayani zotsala, tsukani makapu, pukutani tebulo, fufutani bolodi kuti wobwera pambuyo panu alipeze loyera. Werengani zipangizo zimene munatenga ndi kuzibweza pamalo pake, tsekani mazenera, bwezani kiyi m'manja mwa mwini wake. Chidede chotsala musachisungire sabata yamawa, chimachita nkhungu m'masiku ochepa kukatentha.

Musanaiwale, lembani gawo la self-evaluation, lodziunika nokha mmene mwaphunzitsira, ndi zinthu zogwirika: gawo liti linadya nthawi yoposa imene munalemba, funso liti linasowa woyankha, ndi ana angati mwa amene munaona makope awo analondola mafunso awiri aja. Mawu oti "the lesson was successful" sathandiza inu kapena aphunzitsi a ku koleji akadzabwera kudzakuyenderani. Kenako pitani kwa mwini kalasi mufunse mwachindunji: kodi mawu anga amafika kumbuyo, ndipo ndi chinthu chimodzi chiti chimene ndisinthe mawa? Mverani osadziteteza, ndipo lembani.

Ana ena adzakutsatirani panja, ena adzapempha nambala ya foni kapena kufuna kucheza nanu pa WhatsApp ndi Facebook. Kanani mofatsa, onse mofanana. Wofuna thandizo la phunziro abwere ku staff room kapena mukumane m'kalasi chitseko chili chotsegula, ndipo ngati n'kotheka abwere awiri. Msinkhu wanu mwina sunatalikirane kwambiri ndi wa a Fomu 4, ndiye malire amenewa ayenera kuoneka kuyambira lero.

Musanachoke pasukulupo, dzazani records of work, jambulani mapu a mmene ana amakhalira ndi mayina amene mwagwira, ndipo onani pa timetable kuti kalasi imeneyi mukumana nayonso liti. Ngati phunziro lotsatira likufuna zipangizo, kauzeni wothandiza mu labu lero lomwe, mupangane ola loti mukaziyesere limodzi.